Kagudumu ka TV ya Che Aufi

Ku Berea, mumzinda wa Joni, pakati pa saluni ndi kagolosale, pali kachipinda kopanikizika komwe Che Sidi amadzutsira ma TV akufa. Sindikunena opyapyala a masiku anowa ayi, koma achimimba aja, a bokosi la matabwa ndi chopotokola kutsogolo. Luso anali nalo mkuluyu, zimenezo musatsutse. Koma makani ndiye osanena. Lamulo lawo linali limodzi: chipangizo cha TV yakale chizichokera mu TV inzake yakale. Zopangidwa chatsopano motengera zakalezo ankazitcha zidole.

Lolemba lina kunatulukira Che Aufi, mkulu wa kwawo ku Machinga amene anakalambira m'makhitchini a azungu a ku Joni. Kumbuyo kwawo kunali TV pa wilibala, atayifunditsa bulangeti.

"Sidi, Loweruka ndikukwera basi ku Park Station, ndipo ulendo wake ndi wonka," anatero Che Aufi. "TV iyi ndakhala ndikuwanyadira nayo amayi akunyumba m'makalata kuyambira ndili ndi tsitsi lakuda. Tsopano magetsi afika pamudzi pathu. Andiuza kuti ndikapita ndi bokosi losayaka, aziikiramo nkhuku."

"Chotsani nkhawa, bambo anga. Pofika Lachisanu muona nkhope za anthu m'menemu, Insha Allah."

Za mawaya sizinawavute. Pofika Lachiwiri masana galasi linali litayaka, kabokosi kolumikizira dekoda katamangidwa bwinobwino. Chinatsala chinali chinthu chochepetsetsa: kagudumu ka pulasitiki, ka mano, kokhala kuseri kwa chopotokola, kukula kwake ngati chitsekero cha botolo. Mano ake angapo anali ataguluka. Chopotokola chinkangozungulira chabe osagwira kanthu, ndipo pagalasi pankangooneka mpunga wokhawokha.

Madzulo ake kunalowa Tisungane, mayi wa ku Zomba yemwe anali atangoyamba ntchito ku Midrand, ku kampani yopanga zipangizo za pulasitiki pa makina oyendera kompyuta. Anabwera ndi ketulo yakufa, koma maso ake anagwera pa kagudumu kaja.

"Abambo, mutandibwereka kameneka, nditha kukayeza ndi kukupangirani katsopano kofanana ndendende. Kuntchito amatilola."

Che Sidi anamuyang'anira pamwamba pa magalasi awo. "Achemwali, Joni mwafika liti?"

"Yangokwana miyezi iwiri."

"Ine zaka makumi awiri ndi zisanu. Inu ngakhale zizindikiro za zala zoimitsira takisi kuno simunazidziwe, ndiye mundiphunzitse za TV? Mu TV ya Che Aufi simulowa chidole."

Tisungane anangoseka, n'kulemba nambala yake pa kapepala ka ketulo, n'kumapita.

Lachitatu Che Sidi analawirira ku Ivory Park, kwa ogulitsa zitsulo zakutha. Tsiku lonse anakhalira kufukula milu ya mafiriji ndi mawailesi, fumbi mpaka m'makutu, dzuwa likuwaswa pa dazi. Dzuwa litapendeka anaipezadi TV ya mtundu womwewo, ndipo kagudumu kake kanali ndi mano onse. Anabwerera akuimba m'takisi, mwakuti mayi amene anakhala nawo pafupi anasendera kuwindo.

Lachinayi m'mawa anakamangirira mosamala, n'kupukuta manja, n'kupotokola. Koyamba kanalira kwa! Kachiwiri kanangoti phwa, n'kuyoyoka ngati bisiketi. Katswiri wathu anaiwala chinthu choonekeratu: kagudumu ka ku Ivory Park kanabadwa chaka chimodzi ndi kakufa kaja, ndipo ukalamba sunasiyeko kena. Anakhala pansi mtima ukuwawa zedi, chifukwa m'maso mwawo ankangoona nkhope ya Che Aufi.

Masana akazi awo, Zakia, anabwera ndi tiyi ndi zitumbuwa. Anayang'ana tizidutswa patebulo, n'kuyang'ana amuna awo.

"Ndiye akuluwo muwauza chiyani mawa? Aimbireni mayi a ketulo aja. Basi ya Loweruka siidikira makani anuwo."

Che Sidi anatsokomola katatu asanaimbe. "Achemwali, ndine uja munandisiyira ketulo."

"Oo, a zaka makumi awiri ndi zisanu aja?" anafunsa Tisungane, kuseka kukumveka pafoni.

"Omwewo. Lero ndatsala ndi zaka ziwiri zokha. Bwerani mundithandize."

Ataweruka kuntchito anafikadi, ali ndi kachitsulo koyezera. Anayala zidutswa za tigudumu tiwiri tija pa pepala loyera, n'kumawerenga mano limodzilimodzi. Pomwe kena kanaguluka, kanzake kanali kadakali ndi mbali yabwino.

"Mwaona, abambo, ulendo wanu wa ku Ivory Park sunapite padera. Popanda kachiwirika ndikanangolota chiwerengero cha mano."

Che Sidi anamva kukoma, koma anadziwa kuti mayiyu akungowapukuta manyazi.

Lachisanu, anthu atatuluka ku mzikiti, Che Aufi anafika atavala mkanjo woyera. Posakhalitsa Tisungane naye analowa wefuwefu, atapempha kuweruka msanga, m'manja muli envulopu. Munali tigudumu titatu: kamodzi ka lero, tiwiri tokasunga ku Machinga. Che Sidi anamangirira kamodzi, kenaka anasendera pambali.

"Potokolani nokha, bambo anga."

Chopotokola chinalira kwa, kwa, kwa. Mpunga uja unabalalika, ndipo pagalasi panatulukira anyamata akuthamangitsa mpira. Che Aufi anaponya ndodo pansi n'kuyamba kudyaka mapazi pakati pa mawaya, Zakia akululutira pakhomo, a mu saluni atasuzumira zisa zili m'mutu.

"Sidi, ndiwe mwamuna! Kameneka wakapeza kuti?"

Apa m'pamene munthu akanatha kungomwetulira n'kulandira ulemu wa eni ake. Che Sidi anavula magalasi.

"Si kanga aka. Ndi ka achemwali awa, omwe ndinawanyoza Lachiwiri chifukwa abwera dzulodzuloli. Akanandisungira mangawa, TV yanu ikanakakhala khola."

Che Aufi anagwira dzanja la Tisungane ndi manja awo onse awiri. "Mwana wanga, wandibwezera kumudzi mutu uli m'mwamba."

Patapita sabata, pafoni ya Che Sidi panafika kavidiyo kochokera ku Machinga. Khonde linali lodzaza mpaka pabwalo, ndipo amayi akunyumba kwa Che Aufi anali atakhala pafupi ndi TV, akupotokola okha, osalola wina aliyense kukhudza. Che Sidi anakaonera kangapo, kenaka anatulutsa m'kabati chikatoni cha zopotokola zothyoka ndi timabatani tosweka zomwe zinawakanika kwa zaka zambiri, n'kuimbira Tisungane kumufunsa ngati Loweruka ali ndi mpata.

Akuluakulu sananame, mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.