Ndani Asambitse Mayi a Rajabu

Chaka chimene kolera anavuta ku Ntaja, bambo wina dzina lake Rajabu Chindamba anafika pa mzikiti wa Shehe Amidu Likonde itangotha swala, pemphero la m'mawa. Rajabu anali mphunzitsi wa pulayimale, munthu wodziwa malamulo a dziko ndiponso wosabisa kuti amawadziwa. Pa mlandu uliwonse wa m'mudzi sankadikira kuitanidwa. Koma tsikuli anabwera maso ali psuu. Mayi ake anali atamwalira dzulo lake mu tenti ya odwala kolera, ndipo azaumoyo anakana kupereka mtembo kuti ukasambitsidwe kunyumba. Anati aupopera mankhwala, aukulunga m'pulasitiki, kenako auperekeza okha kumanda.

Rajabu anawapeza Shehe kuseri, atapinda mikono ya mkanjo, akutsuka maketulo amene anthu amadziyeretsera asanaswali.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikum salaam, aphunzitsi. Zovutazi tazimva. Tonse ndife a Allah, ndipo kwa Iye tidzabwerera. Takhalani pansi."

Rajabu sanakhale.

"Shehe, ndabwera kuti mutitsogolere. Malamulo aakulu a dziko lino akunena poyera kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chipembedzo. Ife Asilamu sitiika munthu wosasambitsa. Mayi anga aja, oti ngakhale mawondo atawakana ankaswali chokhala, apite kwa Mbuye wawo ngati katundu wa m'thumba? Anyamata ndamema kale. Inu mungoti tiyeni, tikawatenge, afune asafune."

Shehe anatula ketulo pansi n'kupukuta m'manja. Sanali munthu wothamangira kuyankha, moti ena ankati akamaganiza ukhoza kupita kumsika n'kubwerako.

"Malamulowo mwawatchula bwino, aphunzitsi, ndipo ine ndimawathokoza. Ndi omwewo amene amatilola kuitanira swala poyera popanda wotitseka pakamwa. Koma mundithandize, ine ndi wokalamba. Mayi sasambitsidwa ndi mwana wamwamuna. Akawasambitsa ndani?"

"Mlongo wanga Mwanaisha, pamodzi ndi azakhali."

"Mwanaisha yemwe uja ali ndi khanda kubere?"

"Yemweyo."

"Nanga madzi osambitsirawo akathiridwa kuti?"

Rajabu anaona m'maganizo bafa la udzu kuseri kwa nyumba ya mayi ake, ndi kamtsetse kotsikira ku chitsime chimene mudzi wonse umatungako, Asilamu ndi Akhristu omwe. Anaona manja a Mwanaisha akuchoka pa mtembo n'kukanyamula mwana. Zonsezi ankazidziwa kale, kungoti chisoni chinali chitamuphimba m'maso. Mpando umene anaukana uja anaufuna yekha.

"Ndiye ndiwataye, Shehe?" anafunsa. "Munthu anandisambitsa ine ndili wakhanda, ine ndilephere kumupezera ndowa imodzi ya madzi? Anthu adzati Rajabu, ndi sukulu yake yonse ija, anaika mayi ake ngati munthu wopanda chipembedzo."

Analira kwambiri, ndipo zinali zomvetsa chisoni kuona bambo wolimba pakamwa chotero akusisima ngati mwana. Shehe anamusiya alire. Atatonthola, anakhala naye pafupi.

"Simuwataya ayi. Tipita awiri, inu ndi ine, anyamatawo abwerere kwawo. Tikapempha kuti mayi mmodzi wa zaumoyo, atavala zodzitetezera, awachitire tayamamu, kuyeretsa ndi dothi kuja. Akuluakulu a maphunziro athu ananena kalekale kuti pamene madzi abweretsa chiopsezo, dothi limakwanira. Tikapempha kuti sanda, nsalu yoyera ya maliro, ikulungidwe pamwamba pa pulasitikiyo. Tikawaswalira jeneza, swala ya maliro, ndipo akagona m'manda a abale awo, nkhope italoza ku kibula, kumene timayang'ana poswali. Izi ndi zathu, sizipweteka munthu. Akatikaniza zimenezi, pamenepo mudzatulutse malamulo anuwo, ndipo ine ndidzakhala patsogolo panu."

"Koma kusambitsa, Shehe, si ufulu wathu?"

"Ndi ufulu wathu ndithu, ndipo mliriwu ukatha tidzasambitsa monga kale. Koma malamulo amene mukuwadziwa kuposa inewo amalolanso kuti ufulu uchepetsedwe ngati pali chifukwa chomveka, ndipo chifukwa choposa moyo wa anthu ine sindichidziwa. Chikhulupiriro chanu ndi chanu, aphunzitsi, boma silingachilande. Koma moyo wa Mwanaisha ndi wa khanda lake si wanu woti muupereke. Mayi anu akusowa dua yanu, kuwapempherera kwanu. Sakusowa wowatsatira kumanda."