Mlamba wa M'dziwe la Makumba

Kuseri kwa phiri lina, kumene mitambo imatsika kudzamwa madzi, kunali munthu amene anakumba dziwe naikamo makumba. Masana akatopa ankagona pansi pa nthochi, n'kumaonerera mitambo ikuyenda m'madzimo, tiana ta nsomba tikuuluka pakati pake ngati mbalame.

Koma m'dziwemo munalinso mlamba. Palibe anauikamo. Amati unabwera ndi mvula, ukukwawa pa udzu ngati mlendo wodziwa njira. Abale anga, ndevu zake mukanayanikapo zovala za banja lonse. Ukayasamula, madzi ankaphwera pang'ono, achule n'kuyamba kulapa machimo.

Tsiku lina munthu uja anauona ukumeza tiana. Mtima unamuwawa, poti anali atalonjeza a kuchimuna kuti pa ukwati wa mwana wake Ndaziona aliyense adzadya nsomba yosefukira m'mbale. Anasongola nthungo. Mkazi wake anamukumbutsa kuti iye mwamunayo nsomba yopanda mamba sadya, nanga aupheranji?

"Abambo a Ndaziona, usiyeni. Mwina uli ndi ntchito yake."

"Ntchito ya umbava?"

Anaubaya, naukoka ndi ng'ombe ziwiri, naugawira agalu a midzi itatu.

Dziwe linati zii. Makumba anaswana, ana awo anaswananso, adzukulu osafuna kutsalira. Madzi anada ndi timitu, mitambo inasowa poonekera. Madeya ankatha asanakhudze madzi. Koma kukula, ayi ndithu. Nsomba iliyonse inaima pa msinkhu wa chala.

Ukwati utafika anakoka ukonde, nsomba zonse n'kutulukira m'mabowo. Anachita kuzikola ndi chitenje cha mkazi wake. Nkhoswe ya kuchimuna inayang'ana m'mbale nthawi yaitali, kenako inafunsa mwaulemu.

"Bambo, zija munalonjeza n'zimenezi, kapena zatuma ana kudzapepesa?"

Munthu uja anabwerera kudziwe osadya. Akuti mpaka lero mvula ikagwa amayang'ana pa udzu, kudikira mlendo wina wandevu.

Abale, Mulungu salenga chinthu chopanda ntchito, ngakhale chija chimatidyera tinthu tathu. Mwina ndi mbale amene amakudzudzula, mwina ndi khomo limene linatsekeka. Chimachotsa tizilakolako tambirimbiri kuti zochepa zotsala zikule. Usanasongole nthungo, yamba wafunsa Mwini dziwe kuti mlambawo anauloleranji kulowa.