Utoto wa Lufeyo

Ana inu, mwambi sumera wokha ngati bowa. Pamakhala munthu amene zidamuwawa, n'kuulankhula koyamba. Uwu adaulankhula ndi Nasimango, ali wolusa ngati njuchi.

Nasimango adaika mdzukulu wake m'manda chifukwa cha madzi akudambo. Choncho mudzi utagwirizana zokumba mjigo mvula isanagwe, iye adaimirira pakati pa anthu n'kuchonderera kuti ntchitoyo apatsidwe mlongo wake Lufeyo, amene anali ndi makina okumbira.

Makinawo adagona chaka chathunthu pansi pa mkuyu. Lufeyo, munthu wokonda kutamidwa, adawapaka utoto wofiira kuyambira kumatayala mpaka pamwamba pomwe pali shafiti, chitsulo chachikulu chimene chimazunguza mapaipi olowa pansi. Utotowo udatseka ngakhale timabowo tothirira girisi. Koma mwini wake, maso ali pa kunyezimira, sadaone kanthu. Zopusitsa bwanji!

Lufeyo atayamba kukumba, Nasimango adamva kulira kwachilendo m'mwambamo.

"Achimwene, chikukukuta mano kumwambaku n'chiyani? Girisi munathira?"

"Chemwali, makina anga salira, amaimba. Kodi simukuona mmene akuwalira?"

Fumbi litayamba kutuluka lonyowa, amayi akukonzekera nthungululu, padamveka kuti thyoo! Shafiti idathyoka, mapaipi n'kutsakamira m'dzenje. Lufeyo atamasula chivundikiro, mkati munali gwa, mouma, modzaza mchenga umene nyerere za pamkuyu zidatutira pomanga chisa chawo. Zina zinali zikuyendabe.

Nasimango adamutembenukira ndi ukali.

"Inu achimwene, ine ndinaika nkhope yanga pamaso pa mudzi wonse chifukwa cha inu! Mwana uja tinamuika limodzi, fosholo munagwira ndinu. Lero mukuti ana otsalawa amwe utoto? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!"

Lufeyo adaitanitsa shafiti ina. Koma shafitiyo isanafike mvula idagwa, dzenje lidagumukira, ndipo Nasimango adasenzanso ndowa yake kulowera kudambo komwe kuja, akulira ndi mkwiyo.

Ndiye mukamva akulu akuti "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," akutanthauza kuti chokongola kunja chikhoza kukhala chovunda m'kati. Nkhuyu imafiira bwino, koma wanzeru amaing'amba kaye asanadye. Chimene chimasenza ntchito nthawi zambiri chimakhala kosaoneka, ndipo kumeneko ndi kumene kumafunika dzanja lanu poyamba.