Nkhomo Yobwerera Kwawo

Mu ofesi ina pa boma la Phalombe munkagwira ntchito mtsikana wa ku Ntcheu dzina lake Favour. Ntchito yake inali yolowetsa mayina a alimi mu kompyuta, ndipo ankaimaliza dzuwa lisanapendeke. Nthawi yotsalayo sankaithera pa miseche ya pakhonde monga anzake. Kwa chaka chathunthu anakhala akuluka gemu ya bawo ya pafoni, yoti munthu wa ku Migowi n'kusewera ndi mnzake wa ku Chiringa aliyense ali pakhomo pake. Ataitulutsa inafala ngati moto wa m'chilimwe. Akabaza ankaisewera podikira okwera, aphunzitsi pa nthawi yopuma, ndipo gulu la osewera la pa WhatsApp linadzaza anthu oposa mazana atatu.

Koma Favour anali ndi kachilonda kake. Pamene ankayamba, azibambo a mu ofesimo ankamuseka kuti mkazi ndi bawo n'zotalikirana. Mawuwo anamulowa mpaka m'mafupa, moti gemu itatchuka, dandaulo lililonse ankalimva ngati kuseka komwe kuja kwangosintha malaya.

Tsiku lina m'mawa pagulupo panagwa uthenga wa mawu. Anali mawu a munthu wachikulire, olankhula mosathamanga, Chichewa chake chomveka Chilomwe, kumbuyo kukumveka mphepo ndi phokoso la amalonda a nsomba.

"Amayi opanga gemu, ndine Sitima wa ku Chilwa kuno. Gemu yanuyi ndi yabwino zedi, koma ikumameza nkhomo. Timayamba nazo makumi asanu ndi limodzi kudza zinayi. Dzulo pomaliza ndawerenga, yaperewera imodzi."

Nkhomo ndi timiyala kapena njere zimene amagawa m'maenje a bawo, ndipo pafoni zinkaoneka ngati timadontho. Anyamata a pagulupo anathira tinkhope toseka. Wina anati agogowo agule magalasi. Favour anayankha mwachidule: "Kompyuta siphonya kuwerenga, bambo. Mwina ndi maso."

Patapita sabata a Sitima anabweranso ndi uthenga womwewo, kenako wachitatu. "Sizichitika tsiku lililonse ayi. Mundiimbire, amayi, ndikufotokozereni bwinobwino."

Eveles, mnzake wa Favour amene ankagulitsa mafoni pamsika ndi kumuthandiza kuyang'anira gululo, anamupeza pa nthawi ya nkhomaliro. "Iwe, tangowaimbira madalawa. Ukutaya chiyani?"

"Ndayesa kokwana makumi awiri, nkhomo zonse zilipo," anatero Favour. "Mwezi wamawa kukubwera a Frank a ku Blantyre kudzaona ngati angaiike gemuyi m'mafoni amene kampani yawo imagulitsa. Ukufuna adzapeze gulu likuimba nyimbo ya nkhomo zosowa?"

Kuyesa anayesadi, tisamunamizire. Chimene sanadziuze n'chakuti iye bawo ankangodziwa malamulo ake. Kusewera kwake kunali kwa mwana wophunzira kuyenda. Madzulo omwewo anawachotsa a Sitima pagulu, n'kulemba kuti gemu ilibe vuto lililonse, ndipo wofalitsa mabodza atsatira njira yomweyo. Kuchokera pamenepo pagulupo panati zii. Amene anaonapo chachilendo anangochimezera, ndipo Favour anayesa kuti bata limenelo ndi mtendere.

Pofuna kuti a Frank adzaone gemu ikuseweredwa, panakonzedwa mpikisano. Tsiku lake linafika, Loweruka lotentha la mu Okutobala. Favour anabwereka holo ndi makina oonetsa zithunzi pakhoma, kuti aliyense aone masewera omaliza. A Frank anakhala kutsogolo ndi kabuku kawo pamwendo. Omaliza anali awiri: Eneya, wakabaza wa pa siteji ya kumsika, ndi Noah, kalaliki wa mu ofesi yomwe ya Favour.

Masewera anakoma. Chapakatikati Eneya anaunjika mulu waukulu m'dzenje limodzi, ndipo atautola, nkhomo zinayamba kuyenda dzenje ndi dzenje kuzungulira mbali yake yonse. Pafoni zimenezi zimathamanga moti diso silitsata, koma pakhoma nkhomo iliyonse inali yaikulu ngati lalanje. Anthu onse anaona nkhomo ikugwera m'dzenje, n'kuphethira, n'kuzimirira.

Eneya anaimirira. "Nkhomo yanga yapita kuti?"

Holo inasokonekera. Wina kumbuyo anakuwa kuti Noah ndi wa ofesi imodzi ndi mwini gemu, ndiye n'chifukwa chake. Mawuwo anayenda mpando ndi mpando, ndipo posakhalitsa anthu amene dzulo ankamutamanda anali kunena kuti gemuyo ndi yobera. Favour anaima ndi laputopu m'manja. Sakanatha kukana zimene maso mazana awiri anaona, komanso sakanatha kufotokoza, chifukwa sankadziwa. Anaona a Frank akutseka kabuku kawo.

Ndi pamene pafupi ndi chitseko panadzuka bambo wamfupi, wa imvi, buluku lake lomangidwa ndi mphira m'miyendo monga achitira opalasa njinga ulendo wautali. Sanakweze mawu, koma Favour anawazindikira nthawi yomweyo.

"Palibe waba pano ayi. Tiyeni panja ndikuonetseni."

Pansi pa mtengo wa mango a Sitima anatola kamtengo n'kukumba maenje makumi atatu ndi awiri, mizere inayi. Anatuma anthu kutola timiyala, n'kutiyala monga poyambira masewera. Kenako anayamba kusewera okha mbali zonse ziwiri.

"Eneya anayambira apa. Noah anayankha apa. Eneya anadya ziwiri izi."

Poyamba anthu ankangoyang'ana. Eveles anatenga foni ya Eneya, momwe munali mndandanda wa mayendedwe onse, n'kumatsatira ndi chala. Kuyenda kwachisanu kunafanana. Kwakhumi kunafanana. Pofika kwa makumi awiri, phokoso lonse linali litatha. Kunkangomveka timiyala tikugwa m'dothi. Munthu amene anaonera masewerawo kamodzi kokha, ataima kumbuyo kwa holo, anali kuwabweza onse osaphonya dzenje ngakhale limodzi. Chaka chonse Favour ankaganiza kuti bawo waitsekera m'kompyuta yake, ndipo apa anaona kuti zimene anatsekerazo n'zochepa poyerekeza ndi zimene zinali m'mutu wa msodzi uyu.

Atafika pa mulu wa Eneya, a Sitima anaima. "Werengani. Khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mbali ya munthu mmodzi ili ndi maenje khumi ndi asanu ndi limodzi. Tsono onani."

Anagawa pang'onopang'ono, kuzungulira mzere wakutsogolo ndi wakumbuyo, mpaka dzanja linabwerera pa dzenje lomwe anatolamo muluwo. Anaponyamo kamwala.

"Iyi ndi imene imasowa. Mulu ukakula mpaka kuzungulira, nkhomo yobwerera kwawo gemu yanu imaikana. Kwa ine zachitika katatu." Atatero anafafaniza, n'kuyala masewera ena a mwezi wathawo, kungoyambira pakati, kenako enanso. Onse ankathera pa chinthu chomwecho.

Favour anakhala pansi m'fumbimo, siketi ya ku ofesi ili apo, n'kutsegula laputopu pamwendo. Pasanathe mphindi zisanu analipeza vutolo. Anali atalemba kuti gemu izisesa dzenje lotoledwamo nkhomo pomaliza kugawa, m'malo molisesa poyamba. Mizere iwiri yokha inali itasinthana malo. Wosewera wamba sakanaliona vutolo ngakhale atasewera zaka khumi, pakuti mulu wotero amaunjika ndi akatswiri okha. Gemu yake inkabera anthu okhawo amene ankaidziwa bawo koposa.

Anaimirira. "Abale anga, gemu ili ndi vuto, ndipo vutolo ndi langa. Noah sakudziwapo kanthu. Bambo awa anandiuza katatu, ine n'kuwachotsa pagulu. Ndinalemba kuti vuto palibe ndisanawamve n'komwe. Eneya, undikhululukire. Masewerawa muwamalizire pansi pompa."

Anamalizira pa maenje a m'dothi aja, a Sitima akuyang'anira, ndipo Eneya anapambana. A Frank sanasaine kanthu tsikulo. Anangoti Favour akonze, gemu iyesedwe mwezi wathunthu, ndipo iwo adzabweranso pokhapokha woyesayo akakhala bambo wa njingayo.

Anthu atabalalika Favour anawapeza a Sitima akupopa tayala. Anagwada monga anaphunzitsidwira kwawo.

"Bambo, ine ndinakunyozani pamaso pa anthu. Mwapalasiranji mtunda wonsewu kudzandiwombola?"

A Sitima anapukuta manja pa buluku. "Mwana wanga Laston ali ku Joni, chaka chachinayi tsopano. Pafoni sitidziwa kucheza, amayi. Tikapatsana moni, nkhani zatha. Koma chibwerereni gemu yanuyi, Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi timasewera, iye uko ine kuno. Ndimaona dzanja lake mmene likuyendera, ndimadziwa ngati ali bwino kapena ayi." Anaseka pang'ono. "Za mpikisanowu anandiuza ndi iyeyo, paja iye simunam'chotse. Tsono chinthu chondibweretsera mwana wanga pakhomo, ndikanachisiya chikudwala?"

Manyazi ndi kuthokoza zinamugwira Favour nthawi imodzi. Pa anthu mazana atatu oseka ndi oyamikira, amene ankaikonda gemuyo kwenikweni anali yemwe uja anamupirikitsa. Anatulutsa foni, n'kuwabwezera pagulu iwo akuona, ndipo pamwamba pa gululo analemba kuti aliyense woona chachilendo anene, ayankhidwa tsiku lomwelo. Dzuwa lisanalowe, mauthenga asanu ndi awiri anali atafika kale, ena a mavuto amene anthu anawasunga kwa milungu ingapo poopa kuchotsedwa.

A Sitima anakwera njinga kulunjika ku Chilwa, akuti mawa ndi Lamulungu, Laston adikira. Favour anatsala ataima pafupi ndi maenje aja, akuzindikira mochedwa zimene akuluakulu ananena kalekale: wakutsina khutu ndi mnansi.