Tizitsulo ta pa Lamba wa Fanizo

Ku Tsangano konse, mpaka kutsidya kwa msewu ku Mozambiki, kunalibe munthu wodziwa makina ngati Fanizo. Ankanena yekha zimenezi, ndipo ankazinena mokweza. Adachoka kwawo ndi kajumbo m'manja, nabwerako ku Joni ndi jenereta, mimba, ndi makompyuta anayi amene eni ake adatopa nawo kalekale.

"Loweruka ndikutsegula sukulu ya kompyuta," adalengeza pamsika. "Mudzalemba kalata pa makina a pakhomo, idzatulukira pa pulinta ya kuchipinda. Makina adzalankhulana okha. Zikadzakanika, musadzandipatse mwana ndi mmodzi yemwe."

Makolo adati adzaona kaye.

Kuti makompyuta akalewo amvane, iliyonse inkafunika kuikidwa khadi m'mimba mwake, kenako chingwe chimodzi chakuda chinkayenda kuchoka pa khadi ili kupita pa linalo. M'katoni ya makadiwo munalinso tizitsulo tiwiri tonyezimira, tokhala ndi timatcheni. Fanizo adatitembenuza, naona kuti tikuyenera munthu woyenda. Adatikoleka pa makiyi, pa lamba, kuti tizilira akamadutsa.

Lachitatu kudafika mlamu wake Christobel, amene ankataipa makalata pa makompyuta otere mu ofesi ina ku Blantyre kwa zaka khumi asanabwerere kumudzi kudzalima. Adasuzumira kuseri kwa makinawo.

"Alamu, kumapeto kwa chingwechi mwaikako chiyani?"

"Ndadziwa kale."

"Sindinamalize kunena."

"Ine ndakwera ndege, inu mwakwera matola. Pitani mukakumbe mbatatesi."

Christobel adayang'ana pa lamba paja, naseka pang'ono, nanyamuka.

Masiku atatu Fanizo adalimbana nawo makinawo. Adazula makadi, kuwauzira fumbi, kuwasinthanitsa. Adasuntha timapini tonse ta pakhadi mpaka kuiwala pamene tidali poyamba. Makompyuta adangokhala duu, ngati akazi apamitala atakumana pachitsime. Adanamizira jenereta. Adanamizira chisanu cha ku Tsangano. Pofika Lachisanu ankati pali munthu waponda pakhomo ndi phazi loipa.

Loweruka anthu adadzaza mpaka m'mawindo. Fanizo, ali mu suti, adalemba dzina lake ndi chala chimodzi, nadina batani, nalozera kuchipinda. Pulinta siidatsokomole n'komwe.

"Kapena amalankhula Chizulu chokha," adatero mkulu wina.

Makolo adayamba kugwira ana awo pamkono. Thukuta lidamutsika Fanizo pa chisanu chomwecho. Adapita chammbali kumene kudaima mlamu wake, tizitsulo tikulira m'chiuno.

"Alamu anga abwino," adanong'ona, "paja tsiku lija munkati chiyani?"

"Mudadziwa kale."

"Ndaiwala."

"Mizere yanga ya mbatatesi yatsala khumi ndi iwiri. Simunandilole kumaliza mawu, ndiye mukamalize mizere."

"Ndi suti?"

"Mudzavula. Bweretsani makiyi."

Pamaso pa anthu onse, Christobel adamasula tizitsulo tija. Kamodzi adakapotokolera kumapeto kwa chingwe pakhomo, kenako kena kumapeto kwake kuchipinda, nabwezera timapini m'malo mwake.

"Chingwe chotere chikakhala chosatseka kumapeto, uthenga sufika," adauza makolowo. "Zitseko zake bwana ankayenda nazo m'chiuno."

Adadina batani. Kuchipinda pulinta idalira ngati nkhuku yogwidwa, nilavula pepala la dzina la Fanizo. Ana khumi ndi asanu adalembedwa tsiku lomwelo, koma makolo adayamba afunsa ngati mayiyo azidzaphunzitsa.

Lolemba mmawa anthu opita kumsika adaona mimba ya ku Joni itawerama m'munda mwa Christobel. Fanizo adakumba mizere khumi ndi iwiri, osatsala ndi umodzi, akufotokozera aliyense wodutsa kuti ku Joni mbatatesi amakumba ndi makina.

Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.