Telala Amene Anakangana ndi Kabokosi Kake

Pa Luchenza paja panali munthu wina, telala, dzina lake Yotamu. Makina ake opalasa ndi phazi ankakhala pakhonde la golosale, ndipo pamsomali chapafupi pankalendewera gitala. Mkati mwa sabata ankasoka. Loweruka likafika ankaimba m'bandi ya anthu anayi imene inkayenda m'maukwati. Mtsogoleri wa bandiyo anali mkulu wake, a Filimoni, woimba ng'oma.

Tisaname, gitala Yotamu ankaidziwa. Akagwira nsambo, nkhalamba zinkaiwala ndodo n'kudzuka. Koma anali ndi nthenda imodzi. Nyimbo ikafika pokoma, magazi ankamuwira, n'kuyamba kuthamanga. Anzake adakali pa Luchenza, iye wadutsa kale pa Thyolo. Nyimbo ikasokonekera, ankatembenuka n'kuyang'ana mkulu wake ndi diso lofiira.

"Achimwene, ng'oma zanuzi zikuchita ngati lole yokwera phiri. Tafulumirani!"

A Filimoni sanali munthu wa mawu ambiri. Ankangopukuta thukuta n'kufulumizitsa manja kuti amupeze. Zinayenda choncho zaka zisanu ndi chimodzi.

Tsiku lina pa ukwati wina ku Bvumbwe zinthu zinafika posauzana. Operekeza akwati akulowa m'holo ndi masitepe amene anaphunzira mwezi wathunthu, Yotamu analiyatsa liwiro. Akutsogolo anathamanga, akumbuyo anatsalira, mtsikana wina anaponda velo, mkwatibwi n'kudzandira anthu onse akuona. Ena anaseka, koma mayi a mkwatibwi sanaseke.

Tsono kutsogoloko kunali ukwati wa Esinati, mlongo wawo, mzime wa m'banja mwawo. Kunatsala masabata asanu, ndipo diresi la ukwatiwo ankasoka Yotamu yemweyo. A Filimoni anabwera pakhonde paja, n'kukhala pabenchi la makasitomala.

"Mng'ono wanga," anatero, "zimene zinachitika ku Bvumbwe sizichitika kwa Esinati. Ndalankhula ndi woimba gitala wina wa ku Mulanje. Loweruka lomaliza ukwati usanafike tidzayeserera tonse kutchalitchi. Ukadzayenda nafe limodzi, gitala ndi yako. Ukadzatithawa monga mwa masiku onse, idzagwidwa ndi mlendo."

Mawuwo anamubaya Yotamu mumtima. Mlongo wake yemwe anamubereka kumbuyo ali khanda, akalowe m'holo mlendo akumuimbira, iye atakhala pampando ngati wongoitanidwa? Manyazi ake akanawaika pati pa Luchenza? Koma m'malo mofunsa kuti vuto lili pati, anapsa mtima.

"Wochedwa ndinu," anayankha. "Ndipo ndikuonetsani."

Mlamu wake wina, wobwera kumene kuchokera ku Joni, anali atamubweretsera kabokosi kachitsulo kokula ngati sopo wochapira. Oimba amakatcha lupa. Kamakhala pansi, pakati pa gitala ndi sipika, ndipo kamayendetsedwa ndi phazi. Ukakaponda koyamba, kamatchera khutu n'kusunga zimene ukuimba. Ukakapondanso, kamabweza zomwezo, zikatha kuyambiranso, zikatha kuyambiranso, osatopa. Ukafuna umasanjikiza zina pamwamba pake, mpaka munthu mmodzi kumveka ngati bandi. Koma ukakapondereza nthawi yaitali, kamafufuta zonse.

Yotamu anakanyamula akumwetulira. Mumtima anati, "Ndapeza mnzanga wosachedwa. Ndidzafika kutchalitchi ndekha ndi kabokosi aka, onse amve kuti popanda ng'oma za achimwene nyimbo imayenda mowongoka."

Madzulo aliwonse akaweruka, dzuwa lisanalowe, ankakhala pabalaza pake. Anaponda, n'kuimba maziko a nyimbo yolowera akwati. Anapondanso, kabokosi kanayamba kubweza. Iye n'kuyamba kukometsera pamwamba.

Ha! Nyimbo ija inatsimphina. Chapakati inkachita kuthawa, ndipo pamene mapeto ankalumikizana ndi chiyambi pankamveka kudumpha, ngati munthu wapunthwa pachitsa. Ikazungulira, kupunthwanso pamalo omwewo.

Yotamu anati batire latha mphamvu. Anagula lina, koma nyimbo inkapunthwabe. Anati chingwe n'chakale. Anabwereka china, koma nyimbo inkapunthwabe. Pamenepo anaganiza zobisa. Pamalo opunthwirawo anasanjikizapo kukhwatcha kwamphamvu. Mawa lake anaikapo mawu a besi. Mkuja lake anaikapo tizokometsera tothamanga, tokoma kuposa tonse timene anaimbapo chibadwire. Atakwana masabata awiri, m'kabokosimo munali misanjiko isanu ndi iwiri, ndipo iye ankainyadira ngati ana ake. Koma pansi pa zonsezo chitsa chija chinali pompo, ndipo tsopano opunthwa anali asanu ndi awiri.

Tsiku lina anakakalipira kabokosiko mokweza. "Katundu wa ku Joni wachinyengo! Iwenso wayamba za achimwene?"

Mkazi wake, Nachanza, anali kusita malaya a makasitomala pakona. Anaika simbi pansi.

"Bambo a Tadala, ndifunseko. Akuimba m'kabokosimo ndani?"

"Ndine. Funso lanji limenelo?"

"Nanga amene akuimba kunja kuno?"

"Ndine ndemwe."

"Ooo," anatero Nachanza. "Tsono mukukalipira ndani?"

Nachanza anamanga chitenje bwinobwino, n'kuima pakhomo ngati woperekeza mkwatibwi, n'kuyamba masitepe kudutsa pabalaza, kabokosi kakuimba. Anayenda bwino mpaka pakati, kenaka miyendo inasemphana. Anabwerera pakhomo, n'kuyambanso, ndipo anasemphanitsanso pamalo omwewo. Kachitatu chimodzimodzi. Anabwerera kusimbi yake.

M'mawa mwake Yotamu anakhala pamakina ndi diresi la Esinati. Mtima unali wolemera. Akusoka mpendero, anaona kuti msoko wa dzulo wapotoka pang'ono cha m'chiuno. Sanaganize kawiri. Anatenga kalezala n'kuyamba kumasula ulusi, monga amachitira telala aliyense wodziwa ntchito. Ali mkati momasula, manja anaima okha. Msoko wokhota iye sanauikepo chigamba chiyambire ntchito ya utelala. Nanga masabata awiri onsewa ankachita chiyani ndi nyimbo ya mlongo wake?

Atayambanso kupalasa, anamvetsera phazi lake. Linkatsika n'kukwera, kutsika n'kukwera, osafulumira, osachedwa, pakuti telala akathamanga nsalu imachita makwinya. Phazi lija linkadziwa chinthu chimene zala zake zinakana kuphunzira zaka zisanu ndi chimodzi.

Madzulo a tsikulo anayatsa kabokosi n'kumvetsera komaliza. Tizokometsera tija tinali tokoma zedi, ndipo ankadziwa kuti mwina sadzatiimbanso chimodzimodzi. Mtima unamuwawa. Kunali kutatsala masabata atatu okha. Koma anaika phazi pakabokosi, n'kupondereza, osachotsa. Kanyali kake kanaphethira kawiri, n'kuzima. M'nyumba munangoti zii.

Nachanza anasuzumira kuchokera kukhitchini. "Kafa?"

"Ayi," anayankha Yotamu. "Ndamasula msoko."

Anayambiranso pansi penipeni. Sanaimbe zokometsera. Anayamba ndi phazi lamanzere, kuligunda pansi monga amapalasira makina, kenaka n'kulowetsa gitala pang'onopang'ono. Anaponda kabokosi, n'kumvetsera. Panali kudumpha. Anafufuta. Anaimbanso, n'kumva kuti wathamanga chapakati. Anafufutanso. Tsiku limenelo anafufuta kokwana makumi awiri, ndipo sanakalipire munthu aliyense, pakuti wolakwa anali atamupeza.

Tsiku lachinayi maziko aja anazungulira osapunthwa. Munthu sakanadziwa pamene pathera ndi pamene payambira. Nachanza anamanganso chitenje, anachoka pakhomo ndi masitepe, anadutsa pabalaza ponse mpaka kukafika kuchipinda, n'kubwerera akuvina. Anaimba nthungululu mpaka oyandikana nawo anatuluka kudzafunsa ngati kwabadwa mwana.

Koma ntchito inali isanathe. Tsopano Yotamu anayenera kuphunzira kuyenda limodzi ndi maziko akewo. Apa ndi pamene anaona zakuda. Akafika pokoma paja, magazi n'kuwira, zala n'kuyamba kuthawa, kabokosi sikankamuthamangira. Kankangoyenda ulendo wake, iye n'kupezeka ali yekha kutsogolo, manyazi ali m'maso. Sikankakwiya, komanso sikankamunyengerera. Pamenepo m'pamene anazindikira chimene mkulu wake ankamuchitira zaka zonsezi. A Filimoni ankamuthamangira, kumubisira chilema chake pamaso pa anthu, iye n'kumawabwezera diso lofiira. Atazindikira zimenezi anaika gitala pamiyendo, misozi n'kulengeza.

Masabata otsalawo anawatha akuphunzira chinthu chimodzi chokha, kutchera khutu kwa mnzake asanagwedeze chala.

Loweruka lija linafika. M'tchalitchi munali a Filimoni ndi ng'oma zawo, oimba ena awiri aja, ndi mlendo wa ku Mulanje atakhala pabenchi, gitala yake ili pamiyendo. Esinati nayenso anabwera ndi operekeza ake kudzayeserera masitepe, ndipo nkhawa inkaoneka pankhope pake. Yotamu analowa ndi gitala yokha. Kabokosi anakasiya kunyumba.

"Nanga chida chako chotionetsera chija chili kuti?" anafunsa a Filimoni.

"Chinamaliza ntchito yake, achimwene. Chinandionetsa ine. Yambani inu, ine ndikutsatani."

A Filimoni anadabwa, pakuti mawu amenewo anali asanawamvepo pakamwa pa mng'ono wawo. Kenaka anagunda timitengo kanayi, nyimbo n'kuyamba.

Operekeza ananyamuka pakhomo. Gitala inalowa mofatsa, n'kukhala pamwamba pa ng'oma ngati chivindikiro pa poto wake. Anayenda, anayenda, mpaka anayandikira pokoma paja. A Filimoni anakunga mapewa, kukonzekera kuthamanga monga mwa masiku onse. Woimba besi anatsinzina. Yotamu anamva magazi akuwira, zala zikuyabwa. Koma phazi lake lamanzere linkapalasa pansi, kutsika n'kukwera, ndipo khutu lake linali pa ng'oma za mkulu wake. Anaziimba zokometsera zonse, zowala, zothyakuka, koma chilichonse chinkagwera pamene ng'oma yagwera.

Abale inu, nyimbo imeneyo inakoma kuposa tsiku lililonse limene bandiyo inaimbapo! A Filimoni anamasula mapewa, n'kuseka mano onse pamtunda, n'kuzimenya ng'oma ngati abwerera ku unyamata. Operekeza anafika kuguwa onse pamodzi, phazi limodzi. Esinati anasiya mzere, anathamanga n'kukakumbatira mlongo wake ndi gitala yomwe. Mlendo wa ku Mulanje uja anaombera m'manja, n'kuika gitala yake m'chikwama.

"Apa ine mulibe nane ntchito," anatero akuseka. "Koma ukwatiwo ndibwera, ndidzavine."

Loweruka lotsatira Esinati analowa m'holo atavala diresi la msoko wowongoka, mlongo wake wina ali pa ng'oma, wina ali pa gitala, ndipo palibe anaponda velo.

Tsono inu oimba amene mwakhala apa kumvera nkhaniyi ndi zoimbira zanu, paja dzana mumalozana zala kuti wasokoneza nyimbo ndani. Wa kiyibodi akuti ndi wa ng'oma, wa ng'oma akuti ndi wa besi. Ine ndikuti, aliyense apite akadzimvere yekha kaye. Wopanda kabokosi ajambule pafoni, kenaka aimbe motsatira zimene wajambulazo, aone ngati angagwirizane ndi munthu ameneyo. Ukapeza kuti maziko ako akutsimphina, usasanjikize zokometsera pamwamba. Fufuta, ngakhale ziwawe, uyambirenso pansi. Ndipo ukamabwera Loweruka, uyambe wayang'ana mnzako amene wakhala akukuthamangira nthawi yonseyi osadandaula, umuuze kuti, "Yambani inu, ine ndikutsatani."