Tsiku Limene Maliro Anapatukira Ndege

Kalekale, koma osati kale lovala nyanda, pakuti ndege zinali zitayamba kale kuuluka, kunali dziko lina lokhala ndi boma lalikulu ku likulu ndi maboma aang'ono m'zigawo. Kumathero a dzikolo, kuseri kwa mapiri, kunali dera lotchedwa Dzandi. Mvula ikayamba, msewu wa ku Dzandi unkasanduka phala, ndipo munthu akadwala mwakayakaya ankadalira kandege ka madokotala komwe kankatera pa bwalo la udzu. Pambali pa bwalolo panali nsanja, momwe munkakhala anthu olankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi, kuwauza za mphepo, za mitambo, ndiponso ngati pabwalo pali ng'ombe. Eni kandegeko anali ndi lamulo losapindika: nsanja ikapanda kuyankha, ndege sitera.

Chaka china a ku likulu anati thumba la boma labooka, dziko limange lamba. Ndipo monga mudziwa, akuluakulu akati timange lamba, lambayo amakamanga m'chiuno mwa wina. Analengeza kuti asiya kulipira nsanja za mabwalo aang'ono, chigawo chofuna nsanja chizionere chokha. Anthu amene analamula zimenezi anali asanapondepo ku Dzandi, ngakhale pa nthawi yopempha mavoti.

Woyamba mwa anthu athu atatu ndi Bambo Dzoole, mmodzi wa ogwira ntchito mu nsanjamo. Malipiro ataima, anzawo onse analongedza n'kupita kumabwalo a m'tauni. Nawonso anaitanidwa, koma anakana. M'mawa uliwonse ankavala malaya awo oyera, kukwera makwerero, kusesa ndowe za mileme, kupukuta wailesi ndi kuiyatsa kuti isachite dzimbiri. Chilimwe chonse chinatha popanda ndege yowayankha. Anthu ankawaseka kuti akulondolera akhwangwala, ndipo akazi awo, amene ankadyetsa banja ndi geni ya zitumbuwa, sankawalankhula bwino nthawi zonse. Ine sindiwadzudzula mayiwo, chifukwa malaya oyera sadyedwa.

Wachiwiri ndi Mayi Nankhoma, phungu wa ku Dzandi mu nyumba ya malamulo ya chigawo. Anali mayi wamfupi, wa mawu ogunda ngati ng'oma, wosadziwa kukhala pansi akauzidwa kuti akhale. Anavutitsa aphungu anzawo mpaka anatopa nawo, n'kuwauza kuti chigawo chitha kulipira nsanja, koma pokhapokha dera lawo litasiya chinthu china. Chinthu chinacho chinali denga la msika, lomwe Mayi Nankhoma analonjeza amayi a geni ndi pakamwa pawo. Analolera. Nsanja inatsegulidwanso mvula yoyamba itangogwa, koma amayi ankagulitsa tomato akunyowa, ndipo aliyense ankadziwa wowanyowetsa. Chisankho chitabwera anawagwetsa chagada, ena n'kumawafunsa ngati anaonapo munthu wa ku Dzandi akupita kumunda pa ndege.

Wachitatu ndi a Sankhulani, mkulu wosoka mphasa, mkamwini wa m'mudzi woyandikana ndi bwalo. Iwo za nsanja analibe nazo kanthu. Koma mudzi wa akazi awo unali mbali ino ya bwalo, manda ali mbali inayo, ndipo ndege zitasiya kubwera anthu anabwerera ku njira ya makolo yodutsa pabwalo penipeni m'litali mwake, popeza nthawi ya dzinja ndi pokhapo pamene pankakhala pouma.

Ndiye m'mwezi wa mvula yosakata, mtsikana wina dzina lake Enelesi, mkazi wa Lemani, matenda ake a uchembere anamuyamba. Inali mimba yoyamba, ndipo mwana anagona mopingasa. Anamwino a pa chipatala chaching'ono anayesa zonse mpaka anagwira njakata, nauza Lemani mosabisa kuti mkazi wake akapanda kufika ku chipatala chachikulu dzuwa lisanalowe, ataya awiri. Anaitana kandege. Eni ake anafunsa ngati nsanja ya ku Dzandi ikuyankha, ndipo inayankha.

Masana amenewo mitambo inatsika n'kuphimba mapiri. Woyendetsa ndege sankaona kanthu, ankangomva mawu a Bambo Dzoole akumuuza pokhotera ndi potsikira, kumudutsitsa pakati pa mapiri awiri amene iwo ankawadziwa ngati zipupa za nyumba yawo. Ndege itatulukira pansi pa mitambo, Bambo Dzoole anayang'ana pabwalo. Pakati pa bwalo panali maliro, khamu la anthu likuyenda pang'onopang'ono, amayi akuimba, bokosi lili pamapewa pa adzukulu. Anali maliro a akazi awo a Sankhulani.

Bambo Dzoole anauza woyendetsa kuti azizungulira. Iye anayankha kuti mafuta sangamulole kuzungulira nthawi yaitali, ndipo mitambo ikutsekanso. Bambo Dzoole sakanatha kusiya wailesi, choncho anafuulira Lemani, yemwe anali pansi pa nsanja pafupi ndi machira a mkazi wake, kuti athamange akawapatutse.

Tsono kumeneko maliro akanyamuka saima panjira, sabwerera m'mbuyo, ndiponso sapatukira munthu. Ngakhale galimoto ya nduna imaima pambali kuti iwo adutse. Lemani ankadziwa zimenezi monga aliyense. Komabe anathamanga, nakagwada m'matope kutsogolo kwa bokosi, chinthu chimene anthu anali asanachionepo. Nyimbo inaduka. Adzukulu anafuna kumukankha, ndipo mwini mbumba, mlongo wake wa malemu, anati amenewa ndi malodza, mnyamatayo achotsedwe. Lemani ankangoloza kumwamba ndi kuloza kunsanja, misozi ili chuchuchu.

A Sankhulani anali kumbuyo kwa bokosi, atagwiriziridwa ndi anzawo awiri. Mkamwini pa maliro a mkazi wake salamula kanthu, ntchito yake ndi kulira basi. Koma anafunsa chimene chachitika, ndipo atamva anayenda mpaka kutsogolo, naika dzanja pa bokosi.

"Alamu, ndikhululukireni," anatero kwa mwini mbumba. "Mlongo wanuyu ndakhala naye kuyambira ndili mnyamata, ndikumudziwa. Iye wafika kale kumene amapita. Winayo akadali panjira. Tipatuke."

Mwini mbumba anakana, koma adzukulu anayang'ana nkhope ya wamasiyeyo ndipo anapatuka. Khamu lonse linatsikira m'dambo, madzi ofika m'mawondo, bokosi lili pamapewa chifukwa silitsitsidwa pansi lisanafike kumanda. Anaima momwemo mvula ikuwakwapula, adzukulu akulandirana, mpaka kandege kanatera, kunyamula Enelesi n'kunyamukanso. Pofika kumanda anapeza dzenje litadzaza madzi, anachita kukapa ndi zidebe.

Abale a malemu sanaiwale. Anati mwana wawo anamuimika m'matope ngati katundu, ndipo anasudzula a Sankhulani mwamsangamsanga, osawalola ngakhale kukolola chimanga chimene analima ndi mkazi wawo. Mkuluyo anabwerera kwawo kumene anachoka ali mnyamata, atanyamula mphasa imodzi ndi singano yake.

Enelesi anachira. Anabwerako msewu utauma, ali ndi mwana wamkazi wonenepa, wolira mokweza ngati analipira. Ku Dzandi kunali chimwemwe chosaneneka, ndipo ngakhale amayi a mumsika, omwe aja onyowa, anabwera kudzaona mwana ndi timphatso tawo. Ena a iwo ankayang'ana pansi dzina la Mayi Nankhoma likatchulidwa.

Nthawi yotcha dzina itakwana, bambo ake a Lemani, omwe mwambo unkawapatsa ulemu umenewu pa mdzukulu woyamba, anati iwo sangayerekeze. Anati mwanayu atchedwe ndi munthu amene anamupulumutsa, ndipo munthuyo akhale agogo ake mpaka imfa. Anatumiza mbuzi kwa woyendetsa ndege, iye n'kuyankha kuti anangogwira ntchito yake. Choncho anaitana atatu aja, nawayalira mphasa pakhonde.

Apa mpamene panavuta, chifukwa palibe amene anafuna kulandira. Bambo Dzoole anati iwo akanalankhula ndi akhwangwala mpaka kukalamba pakanapanda Mayi Nankhoma, pakuti wailesi ya nsanja yotsekedwa palibe woyendetsa ndege amene amaimvera. Mayi Nankhoma anaseka, nati iwo anangochita phokoso mu nyumba ya malamulo, ndipo phokosolo likanagula nsanja yopanda munthu, yodzaza mileme, Bambo Dzoole akanapita kutauni ngati anzawo. Onse awiri anatembenukira kwa a Sankhulani, nati zonse zimene iwo anachita zikanathera m'mwamba maliro akanapanda kupatuka.

A Sankhulani anapukusa mutu. "Ine ndinangolankhula kamodzi," anatero. "Awa anavutika miyezi."

Anthu amene anali pabwalo la nyumbayo anagawikana. Ena anati ulemu upite kwa amene anataya mpando, chifukwa anaona patali pamene anzake ankaona denga la msika. Ena anati upite kwa amene anapirira njala ndi chitonzo, nadzalondolera ndege mumtambo. Enanso anati awiriwo anali ndi nthawi yoganiza, pamene wachitatuyo anasankha ali pakati pa misozi, pa tsiku loika mkazi wake, ndipo anataya mudzi chifukwa cha mwana wa munthu amene sanali mbale wake. Wina anati mwanayo apatsidwe maina atatu, koma bambo ake a Lemani anakana, nati mbuzi imagawidwa, dzina loitanira mwana siligawidwa.

Nthawi yonseyi Enelesi anali ndi mwana pamiyendo. Kenaka anamukulunga bwino, naimirira, nayenda mpaka pamaso pa atatuwo n'kugwada.

"Makolo anga, ine ndilibe mawu okuthokozerani," anatero. "Koma mwanayu sangakule akutchedwa uje. Manja anga atopa, mmodzi wa inu amulandire."

Anatambasula manja, mwana ali momwemo, ndipo atatu aja anangoyang'anizana.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mayiyo akadagwadabe ndipo mwana wayamba kulira. Ndani mwa atatuwa ayenera kumulandira n'kumutcha dzina?